Damu la a Makaiko

A Jonasi Makaiko anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'mudzi wina wa kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, koma mpaka tsiku lomaliza anali mlendo. Osati kuti anthu ankawada, ayi. Chikamwini ndi mmene chilili: mwamuna amatsata mkazi, amamanga nyumba pa dothi la apongozi, amalima munda wa mkazi, ndipo ana amene wabereka amakhala a mbumba ya alamu ake. Mkazi akatsogola kumanda, abale a mkaziyo amakhala pansi n'kuona ngati mkamwiniyo amusunge kapena amusudzule, azipita kwawo. Aliyense amazidziwa zimenezi pokwatira. Kungoti pa tsiku la ukwati ndani amaganiza za manda?

Kwawo kunali ku Phalombe, kumene makolo awo anafikira atachoka ku Mozambiki kalekale. Ku Domasi anabwera ali mnyamata, kudzacheka matabwa m'phiri la Malosa. Loweruka lina atatsika m'phirimo anapeza mtsikana wina dzina lake Eluby akugulitsa zitumbuwa pamsewu pa Naisi, ndipo anagula zinayi ngakhale kuti anali atakhuta kale. Loweruka lotsatira anagulanso. Pofika nthawi yokolola, ankhoswe anali atakumana.

Tisanamizane, a Makaiko a masiku amenewo sanali munthu woti n'kumuyamikira. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala ngati chitseko, wa mawu ochepa koma wa mtima wapachala. Njira ya ku kachasu ankaidziwa kuposa ya kutchalitchi. Akaledzera sankaimba ngati anzawo, ankangoyenda uku ndi uku pabwalo kufunafuna woti ayambane naye, ndipo akamusowa ankayambana ndi mbuzi. A Eluby anapirira. Anali mayi wa Mvano ku CCAP, wa pakamwa pakuthwa, ndipo ankauza anzawo pamjigo kuti iwo anakwatiwa ndi mavu.

Ana amene anakula anali awiri okha. Brighton anakakwatira ku Ntaja n'kukhala mkamwini kumeneko. Agatha ndiye anali mzati wa bambo ake m'mudzimo, chifukwa bambo amene ali ndi mwana wamkazi pamudzi sasudzulidwa wamba. Mwanayo amaimirira n'kunena kuti awa ndi bambo anga, ndiwasunga ndine. Koma Agatha anadwala chaka chathunthu, anawonda mpaka kutsala mafupa okhaokha, ndipo mu 2003 anamwalira osasiya mwana.

Atamuika Agatha, a Makaiko anasowa pokhala. Akakhala pansi miyendo inkawayabwa, akagona tulo sitinkabwera, akamwa mowa sunkawagwira. Nthawi imeneyo alangizi a za nsomba ankayenda m'midzi kulimbikitsa anthu kukumba madamu. Apongozi awo, poona kuti mkamwini watsala pang'ono kupenga, anawalozera malo a lowe kumunsi kwa mudzi, kumene chimanga chinkangochita chikasu n'kufa. Anati akakumbe kumeneko, mwina mphamvu zoyambanira ndi mbuzi zingapeze ntchito. A Makaiko anatenga khasu, fosholo ndi wilibala yobwereka. Anakumba miyezi inayi okhaokha m'dothi lomata ngati phula, mpaka zikhatho zinasweka, zinapola, zinaswekanso. Tsiku limene anatsegula ngalande madzi n'kuyamba kulowa, anakhala pakhoma la damulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kungoyang'ana madzi akukwera. A Eluby atawatsatira ndi chakudya anawapeza ali phee, manja ali pamaondo. Anaima kaye patali, chifukwa chikwatiwireni anali asanawaonepo amuna awo atakhala chete popanda kukwiya.

Kuyambira pamenepo tsiku la a Makaiko linkayenda njira imodzi, ndipo linayenda choncho zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ankadzuka kukangoyera, kusukusula, kutapa madeya m'thumba ndi mbale yakale yachitsulo, kuthira m'kandowa, n'kutsika. Akafika sankathamangira kudyetsa. Ankayamba azungulira damu lonse pang'onopang'ono, maso ali pansi, kuona ngati katumbu kapena ng'azi yasiya mapazi, ngati nkhanu yaboola khoma. Ankachotsa zinyalala pa sefa ya pa paipi yolowetsa madzi, sefa imene imatchinga milamba kuti isalowe kudzadya tiana ta nsomba. Kenako ankagwada n'kupisa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikaoneka bwinobwino ndiye kuti madzi asuluka, pafunika manyowa a nkhuku. Chikabisika m'madzi obiriwira ndiye kuti zili bwino.

Akatha apo ankakhala pakhoma kudikira dzuwa. Wotchi analibe, ndipo sankaifuna. M'chigwa chimenechi dzuwa limayamba kumenya pamwamba pa phiri la Malosa, kenako kuwala kumatsika phirilo pang'onopang'ono mpaka kufika kumidzi. Kukafika padamu madzi n'kufundako, ndi pamene nsomba zimadya bwino. Pamenepo a Makaiko ankaimirira n'kuwaza madeya dzanja limodzilimodzi, pangodya yomweyomweyo masiku onse, ndipo madzi ankayamba kuwira ndi nsomba za makumba.

Kudikirako kunkatenga ngati ola, ndipo ola limenelo ndi limene linawachiritsa. Anthu ankawafunsa kuti amaganiza chiyani atakhala duu pamenepo ngati kakowa. Iwo ankati saganiza kanthu, anthu n'kuseka poyesa kuti akubisa. Koma zinali zoona. Pakhoma la damu paja panalibe Agatha wowonda uja, panalibe Phalombe, panalibe za mawa. Panali kuzizira kwa udzu wa mame, kulira kwa madzi mu paipi, fungo la matope ndi kuwala kotsika m'phiri, basi. Mowa sanachite kuusiya ndi lumbiro kutchalitchi. Unangowachoka wokha, chifukwa munthu wa matsire sangadzuke kukangoyera. Ndipo nsomba zimenezo mudzi wonse unadya. Pamaliro, paukwati, mayi akabereka, a Makaiko ankakoka ukonde osafunsa kuti uyu ndi wa nyumba iti.

Mu 2022 a Eluby akupeta mpunga pakhonde anangoti khu, kugwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa, kamwa itapotoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Pakamwa pakuthwa paja, abale! Azimayi a pamudzi anathandiza mwezi woyamba, wachiwiri anayamba kubwera modumphitsa masiku, wachitatu anali kungofunsa ali panjira. Sitingawanene kwambiri, aliyense ali ndi munda wake ndi ana ake. Otsala anali a Makaiko. Anaphunzira kuwatembenuza akazi awo kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuchapa zofunda zimene mwamuna wa kuno sachapa. Ankazichita monga ankachitira kudamu, china chikatha china, osathamanga, osadandaula. Tsopano ankadzuka msangako, kuyamba awasamalira a Eluby, kuwakhazika pakhonde atawafunditsa bulangete, kenako n'kutsika. Pobwerako a Eluby ankawafunsa ndi lilime lolemera lija mawu amodzi okha: "Zadya?" Iwo ankati zadya, n'kukhala pambali pawo kuwafotokozera kuti lero kunabwera ng'azi, kuti madzi atsika chala chimodzi.

Anakhala choncho zaka ziwiri. Mu Ogasiti 2024, Lachiwiri masana, a Eluby anamwalira ali pakhonde pomwepo. Abale anagwirizana kuti aika Lachinayi podikira Brighton ndi ena akutali. Mtembo unali m'nyumba, amayi a Mvano akuimba, amuna ali panja. Mwambo wake aliyense amaudziwa: mwamuna wofedwa amakhala pamphasa pakhomo, anthu n'kumabwera kudzamupepesa. Sagwira khasu, sapita kumunda, sachoka pasiwa kupatula kupita kuchimbudzi, mpaka maliro aikidwe ndi kumetedwa.

A Makaiko anakhala pamphasa paja kuyambira Lachiwiri masana, anthu akubwera ndi mawu omweomwewo, pepani, pepani, ndi chifuniro cha Mulungu. Pofika Lachitatu m'mawa, m'mutu mwawo munali ngati mwalowa njuchi. Miyendo inayambanso kuyabwa monga nthawi ya Agatha. Anamva mkwiyo wakale uja ukukwera pachifuwa, wofuna kugwira munthu pakhosi, aliyense amene angabwere ndi pepani wina, ngakhale akhale abusa. Anachita mantha kwambiri. Kunja kutayera anadzuka, anazungulira kuseri kwa nyumba, anatapa madeya n'kutsika.

Anachita zonse monga mwa masiku onse. Anazungulira khoma, anayeretsa sefa, anapisa dzanja m'madzi, anakhala pansi kudikira. Kuwala kunatsika phiri monga kumachitira, osafulumira chifukwa cha maliro a munthu. Njuchi zija zinayamba kuchoka imodziimodzi. Misozi, imene inakana kutuluka pamphasa paja anthu onse akuyang'ana, inatuluka yokha, ndipo iwo anaileka itsike. Atawaza dzanja lomaliza la madeya anamva kuti tsopano akhoza kubwerera kukakhala pasiwa osapweteka munthu. Potembenuka anaona azimayi atatu ataima m'njira ya kumtsinje, ndowa zili pamutu, akuwayang'ana. Mmodzi mwa iwo anali Janeth, mwana wa mng'ono wawo wa a Eluby, amene nyumba yake inali yoyandikana ndi yawo. A Makaiko anakwera kumudzi n'kukakhala pamphasa pawo.

Pofika masana nkhani inali itafika pa Naisi. Poyamba inali yakuti a Makaiko alibe chisoni, mkazi ali chigonere m'nyumba iwo ali kalikiliki ndi nsomba. Pofika tsiku loika maliro inali itamera nyanga. Wina anakumbukira kuti damu linayamba Agatha atangomwalira. Wina anati chaka chimene a Eluby anagwa ndi chaka chimene makumba ananenepa kuposa kale lonse. Nanga munthu wosakhwima angasiye mtembo wa mkazi wake n'kupita kukakhala pamadzi ola lathunthu? Ndiye kuti anapita kukathokoza zimene amazisunga m'menemo. Anthu omwewo, inu, amene anadya nsomba zimenezo zaka makumi awiri mpaka kunyambita zala, amene itatha miyezi iwiri yoyamba ija sanabwerenso ngakhale tsiku limodzi kudzamutembenuza wodwala! Zimapweteka mtima kuzinena.

Mwini nkhani ndiye amamva pomaliza. A Makaiko anazindikira maliro atametedwa, pamene anakoka makumba angapo n'kukapereka kunyumba zimene zinaphikira alendo, ngati kuthokoza. Madzulo anapeza agalu akulimbirana nsombazo kudzala. Moni wa m'njira unafupika. Azimayi akamapita kumtsinje anayamba kuzungulira njira yakutali kuti asadutse padamu. Tsiku loti abale adzakhale pansi pa nkhani ya mkamwini linaikidwa Loweruka lomaliza la Seputembala.

Iwo ankadziwa chimene chinali kubwera, ndipo ankachiopa. Ku Phalombe anali atatha zaka khumi ndi zisanu osapondako. Mchemwali wawo, amene akanawalandira, anamwalira kale, minda inagawidwa kwa ana ake, ndipo mudzi wa kumeneko ndi wa pamtunda pouma, madzi ake ndi a pamjigo. Brighton sakanawatenga, poti mkamwini sabwera ndi bambo ake kwa eni. Nyumba sankaidandaula kwenikweni, ngakhale njerwa zake anaumba okha. Chimene chinkawapweteka mtima chinali damu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi sakayambanso kukumba, ndipo iwo ankamudziwa bwino Jonasi wopanda damu. Anali atamuonanso pamphasa paja.

Kutatsala masiku atatu kuti Loweruka lija lifike, a Harry anawapeza padamu. A Harry anali mchimwene wawo wa a Eluby, mwinimbumba, mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene sankakonda phokoso. Anakhala pakhoma pambali pa alamu awo, nsapato zitanyowa ndi mame, ndipo anayamba ndi za mvula ndi za mitengo ya feteleza asanafike pa chimene anadzera.

"Alamu, ine sindikufuna muchoke," anatero pomaliza. "Mchemwali wanga munamusunga kuposa mmene ife tikanachitira. Za ufitizo ine sindizikhulupirira. Koma azimayi akwiya, ndipo mudzi uno eni ake ndi azimayi. Loweruka ndikadzakufunsani pagulu, mudzangonena kuti mutu unasokonekera ndi chisoni, simunkadziwa chimene munkachita. Mudzapepese, mudzapereke nkhuku, nkhani idzathera pomwepo."

A Makaiko anati amva, ndipo anawathokoza.

Kunena zoona, ndani akanakana? Kabodza kakang'ono, kopatsidwa ndi mkulu wa mpingo yemwe, koti sikapweteka munthu aliyense. A Makaiko anakakonza bwinobwino. Anakayeseza akutsika kudamu, anakayesezanso akukwera. Mutu unasokonekera, sindinkadziwa, pepani. Nkhuku yomwe anaisankhiratu, tambala wofiira, n'kuimanga mwendo kuseri kwa nyumba.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Harry. Azimayi a mbumba anakhala pamphasa mbali imodzi, miyendo itatambasulidwa, nkhope zili gwa. Amuna anakhala pamipando. Nkhoswe wa a Makaiko anamwalira kale, choncho kuchokera ku Phalombe kunabwera Kenny, mwana wa mchemwali wawo uja, tsopano bambo wa ana ake, amene a Makaiko anamusiya akadali pasukulu. Brighton analiponso. Atapemphera, a Harry anafotokoza za moyo wa malemu, anayamikira mmene alamu awo anawasamalirira pa matenda, kenako anafika pa za Lachitatu lija. Anafunsa mofatsa, mawu ake akuchita kuwatsegulira khomo: kodi alamu, m'mawa umene uja, ndi chisoni chimene munali nacho, munkadziwa chimene munkachita?

A Makaiko anali atagwira chipewa ndi manja onse awiri. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu anayeseza aja. Koma funsolo linawabweretsera m'mawa wonsewo, kalikonse pamalo pake: tsamba la nthochi limene anachotsa pa sefa, kuzizira kwa madzi m'chigongono, kuwala kukudutsa pa thanthwe lalikulu la pakati pa phiri. Pa masiku onse a maliro, zina zonse zinali ngati utsi, sakanatha kunena kuti anawagwira chanza ndani, analalikira ndani. Chimene ankachikumbuka bwino chinali ola limenelo lokha. Ndiye anene kuti imeneyo inali misala? Akatero ndiye kuti zaka makumi awiri ndi chimodzi zonse zija zinali misala, ndipo a Eluby ankafunsa wamisala kuti zadya. Lilime linakana.

"Ndinkadziwa, alamu," anatero. "Masiku onse a maliro aja, nthawi yokhayo ndi imene mutu wanga unali bwino. Ndikanakhalabe pamphasa paja ndikanapweteka munthu. Ndinapita, ndinadyetsa, ndinabwerako. Mwambo ndinalakwira, pepani, nkhuku ndipereka. Koma kusokonekera ayi, sindinasokonekere."

Pamphasa ya azimayi panamveka kung'ung'udza. Mayi wina anafunsa kuti nanga akakhala pamadzipo ola lathunthu amalankhula ndi ndani. Iwo anati palibe. Anafunsanso kuti amaganiza chiyani, iwo anati palibe. Yankho lomwe lija anthu ankaseka nalo kale, tsiku limeneli palibe anaseka. Brighton anayesa kuikapo mawu, kuti bambo akewo ndi amene anachapa zofunda za mayi ake zaka ziwiri, koma azimayiwo anamuuza kuti iye mawa akwera basi kubwerera ku Ntaja, otsala nawo pamudzi ndi iwo. Anakhala pansi, maso atafiira. Kenny sanatsutse chilichonse, poti nkhaniyo sankaidziwa mutu wake ndipo amalume akewo ankangowadziwa dzina.

Azimayi anapita kuseri kwa nyumba kukakambirana, ndipo sanachedweko. A Harry atamva zimene anabwera nazo anayang'ana pansi nthawi yaitali ngati munthu amene wataya singano. Kenako ananena mawu ake a mwambo, kuti mudzi ukuthokoza, kuti a Makaiko anakhala bwino ndi mwana wawo, kuti tsopano amasulidwa, akhoza kupita kwawo ndi kukakwatira ngati afuna, palibe mlandu. Za ufiti palibe anazitchula, zinali zosafunikanso. Anawapatsa njinga, wailesi, makasu awiri, zovala ndi bulangete. Nyumba ndi munda zinatsala m'manja mwa mbumba, ndipo malo a lowe aja, pamodzi ndi damu lomwe, anati akhale a Janeth, amene anali ndi ana asanu ndi kamunda kochepa. Anawapatsa sabata imodzi yoti akonzeke.

Sabata imeneyo a Makaiko sanayende m'makomo kutsanzika, ndipo sanapemphe munthu kuti aganizenso. Anali kudamu. Anatchetcha udzu wonse wa pakhoma, anamata pamene nkhanu zinaboola, anasintha sefa yakale n'kuika ina, anakokolola ngalande kuyambira kumtsinje. Madeya otsala anawaanika kuti asachite nkhungu n'kuwamanga bwino m'thumba. Ankafuna kuti wolandira damulo asavutike miyezi yoyamba. M'mawa uliwonse ankakhalabe pakhoma kudikira dzuwa, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtendere uja unkabwerabe, ngakhale ankadziwa kuti masiku atsala anayi, atatu, awiri. Unkawasiya akangoyamba kukwera kumudzi.

Tsiku lonyamuka, Kenny, amene anabweranso kudzawatenga, anatsogola ndi njinga atamangirira makasu ndi wailesi. A Makaiko akutseka chitseko, Janeth anafika, n'kunyamula chikwama chawo pamutu osafunsa. Janeth sanali munthu woipa. Iye anangonena zimene anaona, kwa anthu awiri okha, nyanga anameretsa ndi ena, ndipo chichitikireni msonkhano uja sankatha kuwayang'ana kumaso bambo ake aakuluwo. Pamudzi ponse woperekeza anali yekhayo. A Harry anatumiza mawu kuti adwala mutu.

Njira ya kumsewu ndi yaitali ndithu, ndipo a Makaiko anaigwiritsa ntchito. Munthu wa mawu ochepa uja analankhula m'mawa umenewo kuposa chaka chonse. Anamuuza Janeth kuti madeya asamathire ambiri, otsala amaola n'kuipitsa madzi. Anati akaona nsomba zikuyasama pamwamba m'mawa asadyetse, atsegule paipi kaye madzi atsopano alowe. Anamuuza za manyowa, za masamba a chinangwa, za mwezi woyenera kukoka ukonde, za ngodya imene katumbu amakonda kulowera. Mvula yoyamba ikagwa atseke ngalande, madzi a matope amapha. Janeth ankangoti eya, eya, akuyenda patsogolo, chikwama chili pamutu.

Atafika pamsewu pa Naisi anatula chikwamacho pafupi ndi njinga. A Makaiko anali akunenabe za sefa, kuti aziyang'ana tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Janeth analephera kupirira.

"Abambo, musavutike," anatero, maso ali pansi. "Nsomba zimene zija palibe angadye, anthu akuopa. Amuna anga akuti tiphwetse damulo sabata yamawa, mvula ikayamba tidzalemo mpunga."

Lole ya njerwa inadutsa, fumbi linawakuta, linatha. Kenny anayang'ana kumbali. Janeth ankadikira kuti mwina a Makaiko akalipa, mwina atukwana, ndipo zikanamupepukira akanatero.

"Chabwino," anatero a Makaiko. "Ndiye umve. Musagumule khoma lonse, madzi angakokolole dimba la eni kumunsiko. Mudule pangodya ya kumunsi, kangalande kakang'ono, azituluka pang'onopang'ono tsiku lonse. Muyambe m'mawa kusanatenthe. Zikuluzikuluzo, ngati simudya, mupatse anthu a kutali amene sanamve. Koma tiana take musatisiye m'matope, timafa moipa padzuwa. Mutitole m'ndowa ya madzi, mukatithire mumtsinje."

Minibasi ya ku Zomba inaima, kondakitala anayamba kukangana ndi Kenny za pokweza njinga. A Makaiko sanasunthe. Anamuuza Janeth kuti abwereze zimene amuuzazo, kuti aone ngati wamva. Mayi wa ana asanu anaima pamsewu pamenepo n'kubwereza ngati mwana wa sukulu, pangodya ya kumunsi, pang'onopang'ono, m'mawa, tiana m'ndowa, misozi ikutsikira m'kamwa. Pamene anaiwala za dimba la eni, anamukumbutsa. Atamaliza, a Makaiko anagwedeza mutu kuti wakhoza, ananyamula chikwama chawo n'kukwera.